Lipoti: zithunzi zisanu zodinda ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa

Pempho la eni nyumba

Ntchito yanga ndi kuunika, kukonza ndi kuika m'mafelemu zithunzi za papepala. Lipoti ili ndi la banja lina lomwe linali litangosamukira m'nyumba yatsopano, ndipo linali ndi zithunzi zisanu zodinda zoti likongoletsere pabalaza. Iwo ankafuna mafelemu asanu akuda ofanana, kenako zonse zikolekedwe pamzere umodzi pakhoma lalikulu la kumbuyo kwa sofa. Khomalo likuyang'anizana ndi zenera lakumadzulo, moti dzuwa likapendeka kuwala konse kumathera pomwepo.

Ndisanayeze felemu ndi imodzi yomwe ndinawapempha kuti tiyambe tadziwa mmene chithunzi chilichonse chinapangidwira. Chifukwa chake n'chakuti kapangidwe ndi kamene kamanena malo amene chithunzi chingakhale osawonongeka, galasi loyenera, ngakhalenso mtunda umene munthu ayenera kuimapo kuti achione bwino. Zida zake si zambiri ayi: galasi lokulitsa zinthu ka 10, tochi yowalitsira pepala chammbali, tepi yoyezera, ndi manja osamba bwino.

Chithunzi cha funde

Ichi sichinavute. Ndi chithunzi chotchuka cha Hokusai, mmisiri wa ku Japan, cha funde lalikulu la ku Kanagawa, koma chawocho chinali cha masentimita 60 ndi 90, pamene zimene zinadindidwa ku Japan cha m'ma 1831 n'zapafupifupi masentimita 25 ndi 37. Zakalezo ankazidinda ndi matabwa ogoba, mtundu uliwonse thabwa lake, ndipo wodinda ankakhutiza pepala kumsana ndi dzanja. Pagalasi lokulitsa chawochi chinaonetsa timadontho tofoleredwa mwadongosolo ngati timaluwa, ta inki zinayi: yabuluu, yapinki, yachikasu ndi yakuda. Umu ndi mmene makina a offset amasindikizira magazini ndi makalendala. Chinali chitasuluka kale: inki yachikasu ndi yapinki ndi zimene zimayamba kuthawa dzuwa, choncho mabwato ndi thambo zinali zitasanduka zabuluu ngati nyanja yomwe. Eni ake ankadziwa kuti ndi posita chabe, ndiye panalibe wokhumudwa.

Chithunzi chachikulu chokhala ndi satifiketi

Apa ndi pamene panagona nkhani. Chithunzichi, cha mapiri ndi mitambo, chinali chachikulu kuposa zonse, chili ndi siginecha ya pensulo kumanja, nambala 212/950 kumanzere, ndi pepala la satifiketi lolembedwa kuti ndi lithograph. Bambo a m'nyumbamo ankachinyadira kwambiri, ndipo anafuna galasi labwino koposa lipite pa chimenechi.

Lithograph yeniyeni imachokera pa njira imene Alois Senefelder anatulukira ku Germany mu 1796. Mmisiri amajambula ndi choko chamafuta pamwala wosalala wa laimu, monga miyala ya ku Solnhofen, kapena pa lata lokonzedwera ntchitoyi. Mwala amaunyowetsa, ndipo poti madzi ndi mafuta sizigwirizana, inki imangomata pamene panajambulidwa. Mukaiona pagalasi lokulitsa, mizere yake imakhala yamibulumibulu yosalongosoka, yotengera khungu la mwalawo, monga zimaonekera pa maposita a mmisiri wa ku France, Toulouse-Lautrec, a m'zaka za m'ma 1890. Mtundu uliwonse umakhala ndi mwala wake ndi inki yosakanizidwa payokha.

Chithunzi cha bambowa chinalibe zimenezi. Chinali ndi timaluwa ta madontho tomwe tija ta pa posita ya funde. Ndiponso mu chithunzicho munkaoneka mikwingwirima ya burashi ndi maluko a chinsalu chojambulapo, koma tochi itawala chammbali pepala linali see, losatumphuka paliponse. Tanthauzo lake n'lakuti panali chithunzi cha penti chimene anachijambula ndi kamera, n'kuchisindikiza pamakina makope 950, wojambula n'kusainira lililonse. Makina a offset nawonso amayendera mfundo ya madzi ndi mafuta, n'chifukwa chake ogulitsa amalimba mtima kulemba lithograph pa satifiketi. Sananame kwenikweni, koma sananenenso zonse.

Ndinawapatsa bambowo galasi lokulitsa kuti aone okha, kaye posita kenako chithunzi chawo. Atayang'ana kanthawi anati, "Ndiye kuti siginechayi ndi yabodza?"

"Ayi bambo, siginechayi ikhoza kukhala ya mwini wake ndithu. Koma imangotiuza kuti anagwirapo pepalali ndi pensulo. Sitiuza kuti chithunzichi chinabadwira pamwala."

Makasitomala ambiri amakodwa pamenepa, choncho ndifotokoze pang'ono. Chizolowezi chosainira ndi pensulo n'chatsopano poyerekeza ndi ntchito yodindayi. Chinafala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mmisiri wa ku America, Whistler, ndi mmodzi wa amene anachitchukitsa. Zithunzi za Dürer ndi za Rembrandt, amisiri otchuka akale a ku Ulaya, zilibe nambala ya pensulo, koma palibe amene amazikayikira pa chifukwa chimenecho. Nambala 212/950 imangotanthauza kope la 212 mwa makope 950. Nambala yammunsiyo ikakhala yaikulu chonchi ine ndimayamba kukayika, chifukwa mmisiri wodinda pamanja kawirikawiri amathera pa makumi angapo kapena mazana ochepa. Ndipo si zoona kuti kope lanambala yaing'ono limaposa anzake: mapepala sawapatsa manambala motsatira mmene anatulukira nthawi zonse.

Kuseri kwake tinapeza kuti pepala lonse linamatidwa pa bolodi ndi makina otentha. Zikanakhala pa chithunzi chodinda pamanja ndikanadandaula, koma apa sizinasinthe kanthu.

Kachithunzi ka m'kolido

Kameneka anakabweretsa pomalizira, ndipo mayi anapepesa kuti n'kakuda ndi kakale. Anasiyiridwa ndi azakhali awo, ndipo kunyumba yakale kankakhala m'kolido pafupi ndi chitseko cha bafa. Chithunzi chenichenicho n'cha masentimita 15 ndi 20, cha mitengo m'mbali mwa mtsinje, inki yakuda yokha, nambala 14/40.

Nditachotsa felemu ndi kuwalitsa tochi chammbali, panaoneka mzere wa ngodya zinayi wozungulira chithunzi, pepala litalowa mkati. Umenewu ndi mkombero wa lata. Pa njira ya etching mmisiri amapaka phula pa lata la kopa kapena zinki, n'kujambula ndi singano imene imangokanda phulalo. Lata likamizidwa mu asidi, asidiyo amadya chitsulo pokhapo pamene pakandidwa. Kenako inki amaikankhira m'timigula timeneti, pamwamba n'kupukuta, ndipo pepala lonyowa limadutsa pamodzi ndi lata m'makina okanikiza kwambiri, mpaka pepalalo limalowa m'timigula kukatola inki. N'chifukwa chake mizere ya etching imatumphuka pang'ono pamwamba pa pepala, ndipo yakuda kwambiri ndi imene imatumphukanso kwambiri. Pa kachithunzika zinali choncho. Mkombero wokha sindiukhulupirira, poti alipo amene amaudinda dala pa zithunzi zosindikiza pamakina kuti zioneke zapamwamba. Umboni weniweni ndi inki yotumphukayo.

Mthunzi wa pamadzi sunapangidwe ndi mizere. Pagalasi lokulitsa unaoneka ngati tizilumba toyera tosalingana tozunguliridwa ndi inki. Imeneyi ndi aquatint: fumbi la utomoni amaliwaza pa lata, n'kulitenthetsa kuti limate, ndipo asidi amadya mozungulira kambulu kalikonse. Pamene pakhala mu asidi nthawi yaitali pamada kwambiri. Goya, mmisiri wa ku Spain, anagwiritsa ntchito njirayi pa zithunzi 80 za Los Caprichos za mu 1799. Amene anapanga kachithunzi ka azakhaliwa si munthu wodziwika, ndipo ndinawauza eni ake kuti asayembekeze kulemera nako, koma mithunzi yake inayi, kuchokera poyera mpaka pakuda bii, inaonetsa dzanja lodziwa asidi. Mwa zisanuzo ineyo ndikanasankha kameneka.

Kanali kovulala m'njira zitatu. Katoni yozungulira chithunzi inali yopangidwa ndi mtengo wogaya, ndipo asidi wake anawotcha pepala n'kusiya mzere wofiirira motsata m'mphepete mwa zenera la katoniyo. Kumtunda pepala linagwiridwa ndi selotepi, guluu wake atalowerera n'kusanduka wachikasu. Ndipo panali timadontho tofiirira tomwazikana, timene timabwera pepala likakhalitsa pachinyontho, makamaka ngati muli tizidutswa tachitsulo kapena nkhungu. Nthunzi ya kubafa ija inathandizira.

Chakuda ndi choyera

Chachinayi anachigula kwa mmisiri mwini wake pa chionetsero. Ndi linocut, ya anthu onyamula katundu. Apa zimatembenuka: mmisiri amagoba pa linoleum, chinthu chofewa ngati labala, n'kutaya paliponse pamene akufuna payere, ndipo inki imapakidwa pamwamba pa zotsalazo. Zizindikiro zake zinalipo zonse: m'mphepete mwa malo akuda inki inali yochindikala pang'ono chifukwa chofinyika, m'malo oyera munali timizere totsalira pogoba, ndipo kuseri kwa pepala kunali kotumphuka motsata chithunzi. Panalibe mitsempha ya mtengo, ndiye silinali thabwa. Ena amaiderera linocut poti ana asukulu amaphunzirirapo, koma mmisiri wotchuka Picasso anaigwira mwakhama ku Vallauris ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo John Muafangejo wa ku Namibia, amene anaphunzira ku Rorke's Drift ku South Africa, anatchuka nayo dziko lonse.

M'malo mwa nambala panalembedwa A/P. Mayi ankaganiza kuti ndi kope loyeserera lopanda ntchito. Awa ndi makope ochepa amene mmisiri amadzisungira kunja kwa amene ali ndi manambala, ndipo kawirikawiri sasiyana nawo. Vuto linali felemu: pepala linagundana ndi galasi popanda chotchinga, ndipo inki inasiya chithunzithunzi chake pagalasipo.

Cha m'chubu

Chachisanu chinali chisanalowepo m'felemu. Chinakhala chokulungidwa m'chubu cha katoni kwa zaka zingapo. Ndi screenprint ya mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wachikasu. Inki imakankhidwa ndi labala kudutsa pa nsalu yasefa imene mbali zina zatsekedwa, mtundu uliwonse sefa yake. Ndi njira imene Andy Warhol, mmisiri wa ku America, anaitchukitsa kuyambira mu 1962. Inki yake imakhala pamwamba pa pepala yochindikala ndi yosalala, yopanda madontho, ndipo pamene wofiira anakwera pa wachikasu panali kamzere ka mtundu wina wosakanikirana. Inki yochindikala chonchi imasweka ikapindidwa, ndipo imakandika ngakhale ndi chikhadabo. Mng'alu umodzi unalipo kale pa wobiriwira.

Zimene ndinachita

Pa etching ndinachotsa fumbi ndi burashi yofewa, ndinamatula selotepi pang'onopang'ono, n'kuchepetsa guluu wotsalira mpaka pamene pepala likanayamba kusupuka. Banga lachikasu silinathe lonse. Timadontho tofiirira ndinatisiya. Bambo anafunsa ngati mankhwala oyeretsera zovala sangathandize, ndipo ndinakana kwamtuwagalu: amayeretsadi lero, koma amafooketsa ulusi wa pepala, ndipo madonthowo nthawi zambiri amabwerera. Ndinadula katoni yatsopano yathonje yopanda asidi, zenera lake lalikulu mokwanira kuonetsa mkombero wa lata, nambala ndi siginecha, koma lophimba mzere wowauka uja. Pepala ndinalipachika ndi tizidutswa tiwiri ta pepala la ku Japan kumtunda kokha, tomatidwa ndi sitachi ya tirigu, imene imamatuka ndi chinyezi pang'ono ikafunika kuchotsedwa. Kumata kumtunda kokha kumapatsa pepala mpata wofutukuka ndi kunyala nyengo ikamasintha. Lomatidwa mbali zonse zinayi limachita makwinya.

Mayi anapempha kuti tidule m'mphepete mwa pepala mmene munali banga. Zimenezi sindichita pa chithunzi chodinda pamanja. Mphepete ndi gawo la chithunzicho, ndipo pa pepala limeneli ndi mmene munali chizindikiro cha kampani yopanga mapepala ya Arches chooneka poyang'anitsa kuwala.

Linocut inamatuka pagalasi popanda kung'ambika. Poti m'mphepete mwa pepala lake n'mokongola, mosadulidwa ndi mpeni, ndinaiika pamwamba pa katoni kuti pepala lonse lioneke, n'kuika timitengo tobisika m'mbali mwa felemu totalikitsa galasi ndi mamilimita angapo. Screenprint sindinaikulunge chobwerera monga ambiri amachitira. Ndinaisiya ifutukuke yokha pamalo achinyezi chochepa, kenako n'kuigoneka pakati pa mapepala omwa madzi ndi cholemera pamwamba, pankhope pake nditayala pepala losalala. Mng'alu uja ulipobe, koma sunakule.

Zitatuzi zinalandira galasi lotchinga cheza cha UV, cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso chimene chimasulutsa mitundu. Chithunzi chachikulu chinangolandira felemu yatsopano ndi galasi wamba, ndipo posita ya funde eni ake anaganiza zoisiya.

Nkhani ya khoma

Bambo anaganiza kuti galasi la UV lathetsa nkhani ya dzuwa, ndiye tibwerere ku mzere umodzi uja. Galasi labwino limatchingadi pafupifupi 99 peresenti ya UV, koma kuwala kumene maso amaona nakonso kumasulutsa mitundu, ndipo galasi likatchinga kumeneko ndiye kuti chithunzi sitichionanso. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimaonetsa zithunzi za papepala pa kuwala kwa 50 lux (lux ndi muyezo wa kuwala), ndiponso kwa miyezi yochepa, kenako n'kuzibwezera mumdima. Khoma lowombedwa ndi dzuwa limalandira ma lux masauzande ambiri. Kuwonongekako kumaunjikana: ola limodzi pa 5,000 lux likufanana ndi maola 100 pa 50 lux, ndipo mtundu ukasuluka palibe mmisiri amene angaubweze. Inki yakuda ya etching ndi linocut siiopa kwambiri kuwala, poti ndi ya mwaye, koma pepala lake ndi limene limafiira n'kuyamba kuthetheka.

M'malo motsutsana, ndinamata kapepala kamtundu pakhomalo, theka lake nditaphimba ndi katoni, n'kuwapempha kuti adzakavundukule pakapita masabata angapo. Ndinawapemphanso kuti aziona pamene dzuwa limafika madzulo, pokumbukira kuti malire ake amasuntha ndi nyengo. Atavundukula anandiimbira foni okha.

Tinagwirizana chonchi. Chithunzi chachikulu cha mapiri chinatenga khoma la kumbuyo kwa sofa chokha, m'munsi mwa felemu mutatalikirana ndi sofa masentimita 20. Ndi chimene chili ndi kukula koyenera khomalo, chimaoneka bwino uli patali, ndipo chikadzasuluka china chonga icho chimapezeka. Kunena zoona chikukongoletsa chipindacho kuposa mmene zisanu pamzere zikanachitira, ndipo sindiona cholakwika kukoleka chithunzi chosindikiza pamakina bola mwini wake akudziwa chimene ali nacho.

Etching inapita pakhoma lomwe pali zenera, pafupi ndi mpando wowerengera. Khoma limeneli ndi limene dzuwa lolowera pazenerapo silingalifike, ndipo chithunzi chaching'ono cha mizere yopyapyala chimafuna munthu ayandikire. Poti ndi khoma lakunja, ndinayamba ndaona ngati silichita chinyontho, n'kumata tizidutswa ta labala kuseri kwa felemu kuti mpweya uzidutsa. Linocut, imene kuda ndi kuyera kwake kumaoneka ngakhale uli pakhomo, inapita pakhoma lamkati lopita kuchipinda chodyera. Screenprint inakhala pakhoma lam'mbali kupitirira pamene dzuwa limalekezera. Zitatuzi pakati pake pali masentimita 145 kuchokera pansi, kupatula etching imene tinaitsitsa pang'ono poti woiona amakhala atakhala pansi. Mafelemu sanafanane monga ankafunira poyamba: wamtengo wopyapyala pa etching, wakuda pa linocut, woyera pa screenprint kuti usalimbane ndi mitundu yake. Nyali ndi za LED, zotalikirana ndi mafelemu.

Zotsalira

Nditapitanso patatha miyezi ingapo, mapepala onse anali ogona bwino ndipo mkati mwa magalasi munalibe nthunzi. Timadontho ta pa etching ndinatijambula pamodzi ndi rula tsiku loika m'felemu, ndipo poyerekeza sitinachuluke. Ndinawasiyira kachipangizo koyezera chinyezi: chikamakhalitsa pamwamba pa 65 peresenti nkhungu imayamba, ndipo chithunzicho chiyenera kusamuka. Popukuta galasi azithira mankhwala pansalu, osati pagalasi, chifukwa madzi amatsikira m'munsi mwa felemu n'kukwera mu katoni.

Mayi akufuna kugula chithunzi china choika kuchipinda chogona, ndipo anaona pa intaneti zolembedwa giclée. Dzinali linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1991, ndipo limatanthauza chithunzi chotuluka m'makina opopera inki olumikizidwa ku kompyuta. Pagalasi lokulitsa chimaonetsa timadontho tating'onoting'ono tomwazikana popanda dongosolo la timaluwa. Chikhoza kukhala kope la chithunzi cha penti, kapena ntchito imene mmisiri anaipangira pakompyuta pomwepo, ndipo ziwirizi n'zosiyana. Ndinawalembera mafunso oti akafunse wogulitsa asanalipire: kodi chithunzichi chilipo kwina ngati cha penti, kapena chinapangidwira kudinda? Anadinda ndi njira iti, ndipo anadinda ndani? Makope onse ndi angati, kuphatikiza a A/P ndi a masaizi ena? Inki yake ndi ya pigment, imene imapirira kuwala, kapena ya dye, imene imasuluka msanga? Pepala ndi lathonje? Ndinawonjezera kuti apemphe chitumizidwe chogoneka pakati pa makatoni, ndipo ngati chibwera m'chubu asachitulutse okha.